Matayala a kwa Maliro

Pali ena pamjigo amene mpaka lero amati Lufina anachita dala, koma amenewo ndi ansanje basi. Chinalakwa ndi chala chimodzi chokha, ndipo inunso foni ija ikanakhala m'manja mwanu mukanadina pomwe paja.

Nkhani inayambira pa pikapu ya mwamuna wake, aMaliro. Dzinalo musadabwe nalo, anabadwa tsiku loika agogo awo aamuna, ndiye makolo sanafune kuvutika n'kuganiza lina. Pikapuyo ndi yokhayo kuchokera kuphiri kwathu kuno mpaka kukafika pa tala ku Nsipe. Imanyamula chimanga, matimati, akwati, odwala, chilichonse. Koma chaka chimenecho inali itakhala pamiyala kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake, chifukwa matayala anali atatha. Osati kutha kwamasewera ayi, mawaya anali panja ngati ndevu. AMaliro anagulapo akaunjika kawiri konse, onse anaphulika mwezi usanathe. Lina linaphulika galimoto ili chiimire, mbuzi n'kubalalika mudzi wonse.

Tsono Lufina anali ndi pakati, poyamba penipeni. Kusikelo ku Champiti anamwino anamuyeza msinkhu, anamupapasa, kenako anamukhazika pansi bwinobwino. Anati mayi, ndinu wamfupi ndipo njira ndi yopapatiza, musadzayerekeze kuchirira kunyumba, ngakhale pano pomwe ayi. Malo anu ndi kuchipatala chachikulu ku Boma. Ndiye taganizani, mwezi wake unali Januwale, mvula ili pakati, msewu wathu uja wa dothi lofiira umene njinga yamoto imagwa ngakhale itanyamula thumba la makala. Popanda pikapu ija, chotsala chinali ngolo ya ng'ombe.

Amene anabweretsa nzeru ndi aSilvester, achimwene awo a aMaliro a ku Joni. Anaimba foni n'kunena kuti siyani kugula zinyalala, itanitsani atsopano kunja pa intaneti, ine ndilipira ndi khadi langa, ikhale mphatso ya mwana. Inu mungolemba fomu. Koma aMaliro ndi foni, abale, zala zawo zili ngati chinangwa, akafuna kudina chilembo chimodzi zimadinika zitatu. Lufina ndiye anafikako Fomu 1 kwawo ku Lizulu, ndipo Chizungu cha m'foni amachimva. Ntchito inagwera iye.

Anayamba wanjuta pambali pa pikapu n'kukopera manambala a pa tayala lakale. Atatero anakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, poti netiweki imagwira pamenepo pokha. Tsamba lake linatseguka, matayala ali mbwee, akuda, onyezimira ngati nsapato za mkwati. Anasankha anayi. Pa dzina analemba Maliro. Kenako fomu inafunsa dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Lufina anaseka yekha pachulupo. Kwathu kuno nyumba ili ndi nambala? Msewu uli ndi dzina? Analemba mmene aliyense amanenera: Kwa Maliro. Fomu inakana ndi zilembo zofiira, n'kumutulutsira mapu, akuti ikani kadontho pamene pali nyumba yanu.

Mapuwo anali chithunzi chojambulira kumwamba, cha nthawi ya chilimwe. Paliponse pofiira, minda yofiira, njira zofiira, nyumba ngati mazira a nsabwe, osadziwika kuti iyi ndi ya yani. Malo obiriwira anali amodzi okha, kachigamba kozungulira pambali pa msewu. Lufina anakumbuka mitengo isanu ya mango ya kuseri kwa nyumba yake, imene amainyadira koopsa. Anati mango athu si awa. Anadina. Fomu inavomera nthawi yomweyo.

Sanaganize n'komwe kuti mitengo isanu singaoneke kuchokera kumwamba kuja.

Miyezi itatu yotsatirayo matayala aja anasanduka nkhani ya pamjigo. Foni ikalira, Lufina ankawerengera amayi onse. Lero akwera sitima ya pamadzi. Lero afika padoko ku Tanzania. Lero ali pachipata cholowera m'dziko muno. Mimba nayo inkangokula. Mlamu wake Pauline, mlongo wawo wa aMaliro, wa pakamwa ngati lumo uja, ankati, "Tione amene ayambe kufika, wa m'sitima kapena wa m'chitenje. Koma onse awiri akubwera akuda bii ngati achimwene."

Tsiku lake linali Lachiwiri, cha m'ma leveni, mvula itangokata. Lufina anali pakhonde akusankha nyemba. Foni inalira m'chitenje, poti tsiku limenelo netiweki inachita kufika mpaka pakhomo, chinthu chimene sichichitika. Uthenga unati katundu wanu wafika ndipo walandiridwa. Iye anadzutsa mutu. Pabwalo panalibe galimoto, panalibe mkukuluzi wa tayala, galu anali gone osauwa. Pansi pa uthengawo panali chithunzi. Anachitsegula.

Matayala anayi, okutidwa m'mapulasitiki, osanjikizana bwino pansi pa mtengo waukulu. Si mango ayi. Udzu wautali. Kumanzere ndi kumanja dothi linali lotumphuka motalika, ndipo pamwamba pa mtumbira umodzi panali mbale yachitsulo yoboola pakati.

Nyemba zinakhuthukira pansi. Ndi pomwe zinamubwerera zimene mwana aliyense wa kuno amadziwa: mitengo yonse tinamaliza ndi makala ndi nkhuni, msitu umene unatsala ndi umodzi wokha, umene palibe amalowamo ndi nkhwangwa. Kumanda.

Anaimba nambala imene inali pansi pa chithunzicho.

"Halo, ndine mkazi wa aMaliro. Mwati katundu uja mwasiya kuti?"

"Kwa Maliro, mayi, pomwe munaika kadontho," anayankha mwamuna wa mawu a m'tauni, injini ikulira kumbuyo kwake. "Ine ndine Cosmas, ndimatsata mapu, sindiphonya. Koma msewu wanuwo, mayi, Mulungu akukhululukireni."

"Mwasiyira ndani?"

"Si inu kodi? Ayi, aja amalankhula motsitsa. Mayi wina wake wapakati, wamtali, wa mpata kumano. Anali atakhala pansi pa mtengo, miyendo atatambasula, ngati munthu wodikira basi. Ndafunsa kuti kwa Maliro ndi pano? Ati ndi pano, onse amafikira pano."

"Simunaone kanthu pamalopo?"

"Udzu ndi mitengo, mayi. Ndimayesa nyumba ili kuseri. Bwanji, pavuta?"

"Ananenanso chiyani?"

"Zomwe amanena makasitomala onse. Ati mwachedwa." Cosmas anaseka. "Ine ndati pepani mayi, ndi sitima ya pamadzi, miyezi itatu si kuchedwa. Iwo ati ayi, zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu akumudzi mumadziwa nthabwala. Alandira ndi manja awiri, asaina ndi chala pa foni yanga. Onani m'munsimo, dzina lilipo."

Lufina anatsitsa chithunzi chija. M'kabokosi koyera munali zilembo zokhotakhota, ngati za munthu amene anasiyira sukulu Sitandade 2. Maness.

Dzina limeneli m'nyumba mwa aMaliro silinkatchulidwa. Maness anali mkazi wawo woyamba. Matenda ake a uchembere anayamba mvula ili pakati ngati yomweyi, anamukweza pangolo, ngolo inakatitimira pachikweza cha kutsidya kwa mlatho wa matabwa, ng'ombe zinagwada m'matope. Anamwalirira pomwepo, mwana ali m'mimba, ndipo tsopano panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Poti anali wolowoledwa, anamuika kuno. Chaka chotsatira aMaliro anagulitsa ng'ombe zonsezo n'kugula pikapu. Lufina sanamuonepo Maness ngakhale pa chithunzi, koma za mpata wa kumano anazimva pamjigo sabata yoyamba yomwe atakwatiwa, poti amayi akumeneko sasunga kanthu.

AMaliro anawapeza kumunda akubandira chimanga. Lufina anangowapatsa foni. AMaliro anayang'ana chithunzi, anayang'ana dzina, kenako anavula chipewa pang'onopang'ono n'kuchigwira pachifuwa. Iwo amamuitana Lufina ndi mfunda wake, Nambewe, iyenso amawaitana aNgozo.

"Nambewe, munadina pati?"

"Ndinkayesa mango athu."

AMaliro anayang'ana kumsitu uja, umene umaonekera ngakhale uli kumundako.

"Asiyeni komweko," anatero. "Aziwola komweko."

"Matayala sawola, aNgozo."

"Ndati asiyeni."

"Chabwino. Ndiye ine ndidzakwera chiyani? Ngolo?"

Inu, mawu amenewo anatuluka okha. AMaliro anachita ngati wina wawamenya ndi mpini pamsana. Anakhala pansi pamzere, chimanga chikuwadonthezera madzi m'khosi, osasuntha. Lufina anafuna kupepesa, koma mwana anamuponda mwamphamvu pansi pa nthiti, ndiye sanapepese.

Pauline atamva, anayamba wakuwa, kenako anati palibenso kwina, tiyeni kwa aFanizo. AFanizo ndi mkulu wa adzukulu, amene amakumba manda ndi kuika maliro onse a m'mudzi muno. Popanda iwo palibe amaponda m'msitu muja. Ndi kamunthu kakafupi, fodya wopichira sachoka pakamwa, ndipo poti adzukulu saletsedwa kunyoza aliyense, amaseka ndi pamaliro pomwe. Anaona chithunzi chija n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Zaka makumi atatu ndikulowetsa anthu m'mudzi mwangamo, palibe anaitanitsapo matayala. Akufuna kuyamba kabaza eti? AMaliro, dzina lanuli lakugwirani mwendo lero!"

"Agogo, tithandizeni," anatero Pauline. "Mungolowa n'kuwatulutsa basi, si mumatuluka ndi makasu anu?"

"Makasu timatuluka nawo chifukwa sitipatsa munthu, mwana iwe. Awa anaperekedwa, analandiridwa ndi manja awiri, mpaka kusainira. Si anunso. Kuwatenga chabe ndi kuba, ndipo eni ake kumeneko akaberedwa amalondola." Anatembenukira kwa Lufina, nkhope itasintha pang'ono. "Amene anatumiza ndi amene akapemphe. Wapakati salowa, mudzagwada m'malire, panjira. Mudzanene zanu, mudzadzuke, osacheuka. Mwamva?"

Lufina anati wamva. AFanizo sanamuuze china chilichonse, chifukwa sanaganize kuti pangakhale china choti n'kumuuza munthu wamkulu.

Anapita m'mawa mwake dzuwa litatuluka, ngakhale dzuwalo silinkaoneka ndi nkhungu. Anali anayi: aFanizo patsogolo, Lufina, Pauline atamugwira mkono, aMaliro kumbuyo kwenikweni. Kumudzi atambala ankalira, ana ankapita kusukulu akuchita phokoso. Koma atangofika pamene msewu umakhudza msitu, phokoso lonse linatsala kumbuyo ngati wina watseka chitseko. Munalibe mbalame m'mitengo muja. Madzi okha, tho, tho, kuchokera m'masamba. Matayala ankaonekera chapatali pang'ono pakati pa udzu, mapulasitiki ake ali ndi mame.

Kugwada ndi mimba ya miyezi isanu ndi inayi si ntchito yamasewera. Lufina anatsika bondo limodzi, kenako linalo, matope ozizira n'kulowa m'chitenje. Anaomba m'manja katatu, mofatsa, ngati pakhomo pa apongozi.

"Odi, akulu anga," anatero. Mawu ake anamveka aang'ono. "Ndine Lufina, Nambewe, wa ku Lizulu. Ndinalowa m'nyumba mwanu osakuonani, miphika yanu ndikuphikira, mtondo wanu ndikusinjira, sindinabwere n'kudzapereka moni komwe. Pepani. Katundu uja ndinatumiza ndine, ndinaphonya khomo. Koma ndili mmene munalili inu. Anamwino ati ndikachirire ku Boma. Ndikupempha matayalawo, akulu anga."

Anadikira. Kunalibe mphepo ngakhale pang'ono, tsamba limodzi silinagwedezeke. Koma pulasitiki ya tayala la pamwamba inachita phokoso, khwaa, ngati munthu amene anatsamira wadzuka.

"Avomera," anatero aFanizo motsitsa.

Analowa okha n'kuyamba kugubuduza limodzilimodzi mpaka pamsewu, aMaliro akulandirira m'malire. Loyamba anatuluka nalo akunena nthabwala, lachiwirinso. Atabwera ndi lomaliza sanaseke. Anagwira dzanja la aMaliro n'kuliika pa tayalalo. Ena atatu aja anali ozizira ndi mame. Ili linali louma, lofunda, ngati mpando umene wina wangochokapo.

Pauline anamudzutsa Lufina. Tsono apa ndi pamene pamandivuta kumuweruza, chifukwa mayi ake anamulera bwino. Kwathu kuno munthu sachoka pakhomo pa mnzake ngati mbuzi. Umatsanzika, ndipo pomaliza umaitana, ngakhale nonse mukudziwa kuti ndi mawu chabe. Lufina anasasa matope pachitenje, anawerama pang'ono, pakamwa n'kunena zimene panazolowera.

"Zikomo akulu anga, ife tapita. Tiyeni kwathu."

Fodya anagwa pakamwa pa aFanizo.

"Mayi! Kuno sitiitana!"

Onse anaima chilili, misana atalozetsa kumsitu, makutu ali tcheru. Paja ukati tiyeni kwathu, mwini khomo amayankha kuti zikomo, pitani bwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Anadikira yankho limenelo ngati opusa. Madzi okha, tho, tho.

"Sanakane," ananong'ona Pauline.

"Yendani," anatero aFanizo. "Osacheuka."

Matayala anakawatsuka kumtsinje pamadzi oyenda, monga amachitira ndi makasu. AMaliro anatha masiku awiri akuwalowetsa m'malimu ndi zitsulo zawo, n'kupopa ndi pampu ya phazi mpaka thukuta kamukamu. Pikapu inatsika pamiyala, nkhuku zinasowa pokhala. Anthu ankabwera kudzaona koma palibe anakhudza, ndipo amene anali ndi matimati oti apite ku Nsipe anati adikira kaye. Anapangana kuti Lolemba Lufina apite kuchidikiro ku Boma, akadikirire komweko. Chikwama anamanga, beseni, zitenje, lezala, zonse.

Mwana sanadikire Lolemba. Loweruka m'mawa, Lufina akusesa pabwalo, nsuwa inasweka. Ndipo mvula imene inayamba nthawi yomweyo, inu, inali ngati wina akukhuthula migolo. AMaliro analiza galimoto osavala ndi nsapato zomwe. Kutsogolo anakhala atatu mothithikana, aMaliro pachiwongolero, Lufina pakati, Pauline kuchitseko atafungatira chikwama. Kumbuyo kunalibe kanthu, ngakhale thumba limodzi.

Msewu wopita ku Nsipe ndi umodzi, ndipo umadutsa m'mbali mwa msitu uja. AMaliro anafuna kudutsapo mothamanga, koma pomwepo madzi anali atakumba ngalande. Anachepetsa liwiro, galimoto n'kutsala pang'ono kuima. Ndiye onse atatu anamva. Kumbuyo kunatsika pang'ono, zitsulo zinalira, mmene zimachitira munthu wolemera akaponda n'kukwera.

Pauline anayamba kupemphera mokweza, mawu akuphonyana.

"Musacheuke," anatero aMaliro, maso ali patsogolo, mitsempha ya m'manja itatuluka. "Aliyense asacheuke."

Lufina sanacheuke. Koma kagalasi ka pakati kanali pamaso pake penipeni, ndipo ululu utadukiza anakweza maso. Kuseri kwa windo lakumbuyo kunali msana wa munthu. Mayi wamtali, atafunda chitenje kumutu, atatsamira galasi pomwe Lufina anatsamira mbali inayi. Pakati pa misana yawo panali galasi lokhalo, ndipo kuzizira kwake kunkalowa mpaka m'mafupa. Mayiyo sanatembenuke. Dzanja limodzi anali atagwira m'mbali mwa galimoto, linalo lili pamimba.

Ululu unabweranso, waukulu kuposa oyamba aja, Lufina analuma chitenje. Sanadziwe ngati mayiyo wabwera kudzamuperekeza kapena kudzamutenga. Anayesa kuganiza, mutu unakana.

Anawoloka mlatho wa matabwa madzi akunyambita m'mphepete. Kutsidya kwake ndi kuja kuli chikweza. Aliyense amene anakwerapo pikapu nthawi ya dzinja amadziwa kuti pamenepo sipakwereka kumbuyo kuli kopepuka. Amayamba aika matumba a mchenga pamwamba pa matayala akumbuyo, kapena amauza anthu kuti sunthirani kumbuyo nonse. AMaliro m'chipwirikiti chija anaiwala mchenga. Anafika pakati pa chikweza, matayala anayamba kuzungulira pamodzimodzi, matope ofiira akuuluka. Atsopano, a mano akuthwa, koma osagwira pansi. Galimoto inaima. Kenako inayamba kutsetsereka chammbuyo, mopendekera, kulunjika kumtsinje.

"Ayi, pano ayi," ankatero aMaliro, akuponda moto. "Panonso ayi." Misozi inali mbwembwembwe, bambo wamkulu.

"Nditsike ndikakankhe?" anakuwa Pauline, koma chitseko sanachigwire n'komwe.

Lufina analavula chitenje chija. Anakweza dzanja chammbuyo osatembenuka, n'kugogoda pagalasi ndi chala, katatu.

"Akulu anga," anatero, mpweya ukumuthera. "Mwakhalira kutsogolo kwambiri. Sunthirani kumbuyo, pamwamba pa matayala. Chonde."

Pauline anasiya kupemphera. Mvula inkamenya denga. Kuzizira kuja kunachoka pamsana pa Lufina. Kenako anamva kukhwekhwereza pa chitsulo, pang'onopang'ono, mmene amasunthira munthu wotopa amene sangathe kuimirira, akukoka thupi ndi manja. Kunasiya. Kumbuyo kwa galimoto kunatsika, kunatsikabe, kuposa kulemera kwa munthu mmodzi, kuposa kwa anthu asanu.

Matayala analuma pansi. Pikapu inanjenjemera, inalira ngati ikufa, n'kuyamba kukwera. Inadutsa pamene ngolo ija inatitimira, inadutsa pa mtengo wa mthethe, mpaka pamwamba. Anafika pa tala ku Nsipe amayi ogulitsa matimati atabisala m'makonde, ndipo ena akuti anaona pikapu ya aMaliro ikudutsa itanyamula munthu kumbuyo pamvula yonse ija, n'kumanena kuti bambo ameneyu alibe chisoni.

Ku Boma anaima pakhomo penipeni pa amayi oyembekezera. Anamwino awiri anathamanga ndi njinga ya odwala. Akumukhazika, Lufina anagwira malaya a mwamuna wake.

"ANgozo, katseguleni kumbuyo. Sangatsike chodumpha ndi mimba."

AMaliro anamuyang'ana, kenako anazungulira galimoto, mutu uli pansi, mapazi opanda nsapato ali m'madzi. Anamasula zokowera ziwiri zija n'kutsitsa chitseko chakumbuyo. Anaima pambali monga amachitira akamatsitsa munthu wamkulu. Galimoto inakwera m'mwamba pang'ono. Zimene ananena pamenepo palibe anazimva, chifukwa Lufina anali atalowa kale, ndipo Pauline sanafune kuyandikira.

Anamuchita opaleshoni nthawi yomweyo. Adokotala anati akanachedwa ola lina, ikanakhala nkhani ina.

Lufina anatsitsimuka chakumasana, mvula itakata, pamimba pakuwawa ngati pamoto. Pauline anali pambali pa bedi, maso ofiira, atanyamula kanthu m'chitenje chatsopano.

"Mwachira, mlamu," anatero. "Wamkazi. Wakuda bii, ndinanena ine."

Anamuika pachifuwa. Kanali kolemera, kofunda, kakupuma fuu, fuu, tsitsi lambirimbiri. Lufina anakawerenga zala, za m'manja ndi za kumapazi, kawiri konse.

Namwino wina wachikulire anabwera ndi kabuku ka kusikelo ndi cholembera. Anayang'ana mwana, anayang'ana madzi a m'botolo, n'kuyamba kulemba.

"Tisunge, eti? Dzina labwino."

"Ndani Tisunge?" anafunsa Pauline.

"Mwanayu. Si mwatchula kale? Andiuza akulu anu aja anali pabenchi pakhomo la fiyeta, aatali aja. Nthawi yonse ya opaleshoni anali pomwepo, zovala zili chonyowa. Ndawauza kuti nawonso akayezetse, mimba yafika ija, angomwetulira."

Pauline anadzuka, anasuzumira m'khonde, anabwerera n'kukhala pansi mwakachetechete. Kenako ananong'oneza, "Mlamu, musalole. Kutchula dzina ndi kwa ife a kwa Ngozo, ndi kwa ine. Tiuze anamwino afufute."

Namwino anaima, cholembera chili m'mwamba, akuyang'ana uyu ndi uyu.

Lufina anayang'ana mwana wake nthawi yaitali. Kamwanako kanali katayamba kufunafuna bere, kakutembenuza mutu uku ndi uku.

"Iwonso ndi a kwa Ngozo," anatero. "Analowoledwa ine ndisanabwere. Lembani, anamwino."

Namwino analemba. Lufina anakonza chitenje, anamuyandikizitsa mwana, n'kumuitana motsitsa kuti amve yekha.

"Tisunge. Yamwa, mayi."

Mwana anagwira bere n'kuyamba kuyamwa.